Mwala umene anandipatsa Tendai

Holo ya ku lokeshoni yathu ya Chipadze inkanunkha masese otayikira pansi, thukuta ndi chimanga chokazinga. Loweruka masana ankaonetsamo kanema, ndipo ife ana tinkakhala pa simenti kutsogolo kwenikweni, makosi ali m'mwamba. Mafilimu ake anali amodzimodzi: Atchaina akuuluka pamadenga, akuswa njerwa ndi dzanja, akuwakha mipeni isanawafike. Sitinaonepo Mtchaina akudya, akudwala kapena akudikira basi. Tinkangodziwa kuti onse amamenya.

Chilimwe chimenecho ndinali ndisanaitaye sukulu. Gulu lathu linkatsogoleredwa ndi Tendai, mwana wa kapitawo wa kumgodi, ndipo wa makolo ochokera ku Malawi ndinalimo ndekha. Anandilola chifukwa pamasewera pamafunika wina woti azifa. Iwo ankakhala akatswiri a karate, ine "chigure", dzina lawo la gule wamkulu wathu, ndipo ndinkagwa pafumbi mpaka mawondo kutuwa. Ndinkapirira. Kunja kwa gululo kunalibe mpira, kunalibe mnzanga.

Kenako kumgodi kunabwera Mtchaina weniweni, wodzakonza makina ophwanya miyala. Anali wamfupi, wa magalasi, ndipo ankatsokomola ngati bambo anga. Akaweruka ankayenda wapansi kulowera ku lokeshoni ya Aerodrome, atanyamula mpiru wokulunga m'nyuzipepala. Tinkamutsatira tikukuwa ngati a mu kanema, tikuponya miyendo m'mwamba. Iye osatembenuka. Tendai anati umenewo ndiye umboni, akatswiri amaona ndi nkhongo yomwe.

Tsiku lina Tendai anatola mwala wosongoka, wodzaza dzanja, n'kundipatsa.

"Kanda, mubhurandaya," anatero m'chiyankhulo chawo, kutanthauza kuti ndiponye, akunditchula dzina lawo lonyozera ife a ku Malawi. "Umugende m'mutu. Auwakha osayang'ana, uona. Ukakana usadzabwerenso."

Mwalawo unali wotentha ndi dzuwa. Ndinayang'ana nkhongo ya munthuyo, titsitsi tochepa, kolala yoda ndi thukuta. Pomwepo anaima, n'kutsamira mpanda wa waya, ndipo anatsokomola mpaka mpiru uja unamwazikira pansi. Anawerama n'kuyamba kutola tsamba limodzilimodzi, akulikuntha fumbi pa thalauza.

"Genda wekha," ndinatero, n'kuuponya mwalawo m'ngalande.

Tendai anandidumphira. Panalibe zouluka, panalibe karate. Tinagubuduzana ngati agalu, kukandana, kulumana, anzathu akuwombera m'manja. Iye anatupa diso, ine ndinalavula dzino. Anatilekanitsa ndi Mtchaina yemweyo, akutikoka malaya, akupuma movutikira. "Aikona, aikona," ankangotero, kutiletsa m'Chilapalapa chake chothyokathyoka, chiyankhulo cha kumgodi. Anandipatsa mpango wonunkha girizi kuti nditseke pakamwa, n'kutola mpiru wake, n'kumapita.

Gulu lija silinandilandirenso. Chilimwe chonse chotsalacho ndinachithera pa benchi ya amayi yogulitsira tomato, ndikuingitsa ntchentche, ndikumva mpira ukugunda kuseri kwa holo. Amayi anandikalipira chifukwa cha malaya ong'ambika, osafunsa n'komwe chimene tinamenyanirana.

Masiku amenewo ndinkakayikabe. Ndinkati mwina akanauwakhadi, mwina ndawamana anzanga zoti akasimbe kusukulu, ndadzitayitsa mpira pachabe. Lero ndikudziwa kuti akanagwa chafufumimba pa msewu wa m'dziko la eni, magazi akuyenderera pa mpiru wake, ndipo apolisi sakanafunsa za mwana wa kapitawo, akanagwira ine. Zambiri zandikanika m'moyo uno, sindibisa. Koma mpata wa dzino lija sindinautseketse, ndipo ndikamaseka sindiika dzanja pakamwa.