Mfuti ndi Wotsala Pakhomo

Chigayo changa chili m'mbali mwa msewu wafumbi wochoka ku Mponela kulowera kwa Dzoole, ndipo nyumba yanga ili kuseri kwake, patali pang'ono ndi mudzi. Anthu akamamva injini ikulira tsiku lonse amayesa mwini wake amatsamira ndalama pogona. Bodza lenileni, zonse zimathera dizilo. Koma wakuba ungamuuze zimenezo?

Tsiku lina kunali maliro a mkulu wa mpingo wathu. Anali munthu wodziwika, uthenga wake unamveka mpaka pawailesi, ndiye mudzi wonse unakhamukira kumeneko. Akazi anga anali atamanga kale chitenje, kambale ka ufa kokapereka kusiwa kali m'manja. Ine ndinawaimitsa pakhonde.

"Amake mwana, inu tsalani. Nyumba siingakhale yokha."

Sanatsutse. Anabweza ufawo m'thumba n'kuvula nsapato. Kwathu kuno ndi mmene timachitira: kukagwa zovuta wina amatsala pakhomo, ndipo wotsalayo sakhala bambo, chifukwa bambo akasowa kumanda anthu amaona. Maliro n'kulirana. Ndinapita mtima uli m'malo.

Kunyumba kunabwera anthu atatu dzuwa lili paliwombo, ife tikuimba nyimbo kumanda. Zimene anatenga sindizitchula, zinali zinthu basi. Akazi anga ndinawapeza atamangidwa ndi chingwe cha mbuzi kumwendo wa bedi, nsanza zili m'kamwa, kumutu kuli bala la chikwanje. Kuchipatala anawasoka, patatha masiku anayi anatuluka, bala linapola. Koma munthu amene ndinabwera naye kunyumba sanalinso wankhani uja. Ankaphika, ankasesa, ukawafunsa ankangoti "eya" kapena "ayi". Chitseko chikamenyetseka ndi mphepo ankagwetsa chimene anyamula.

Ine sindinalire, sindinatukwane munthu. Ndinali ngati mwendo wochita dzanzi, ukuponda pansi koma osaumva. M'mawa kutsegula chigayo, madzulo kutseka chigayo, ufa uli mbuu m'nsidze.

Patatha mwezi kunabwera atsibweni awo kuchokera ku Ntchisi, amenenso ndi ankhoswe a ukwati wathu. Ukwati wathu ndi wachitengwa: ndinakapempha mwaulemu kuti mkazi achoke kwawo adzakhale kwathu, ndipo anandilola. Mkuluyo anakhala pampando, chipewa pabondo, n'kulankhula osakweza mawu.

"Akamwini, mwanayu sitinakugulitseni ayi. Tinakubwerekani kuti mumusunge. Ngati kuno kwakanika, kwawo kulipo. Tikakolola tidzabweranso, tidzamve zimene mwachitapo."

Apa dzanzi lija linaphwa pang'ono, kunabwera ukali. Ine kulephera kusunga mkazi? Ine amene ndinamanga nyumba yamalata ndi manja angawa, mwana ali ku sekondale yogonera konko, wosabwezedwapo fizi? Ndinawaperekeza atsibweniwo pa siteji mwaulemu wonse, ndipo m'mawa mwake ndinapita kupolisi kukafunsa za mfuti.

Abale, mfuti siigulidwa ngati khasu. Mafomu, zithunzi, makalata okuchitira umboni, kudinda zala zonse khumi, kenako mafunso: mukuifuniranji, mudzaisunga pati, munamangidwapo? Ndinayenda ku Mponela, ndinayenda kuboma ku Dowa, ndinayenda ku Lilongwe, mpaka makondakitala anayamba kundisungira mpando wakutsogolo. Chimanga chinamera, chinabereka, chinayamba kuuma ine ndikuyendabe. Miyezi yonseyo akazi anga sindinawauze kanthu, ndinkati ndidzanena chinthucho chili m'manja. Sindinawafunseponso mwatsatanetsatane zimene zinachitika tsiku lija, ndinkati kufunsa n'kutokosa chilonda. Paja amati safunsa anadya phula. Ine ndinadya, n'kunyambita ndi zala zomwe.

Chilolezo chitatuluka ndinapita kusitolo ina mumzinda, ya zitseko ziwiri zachitsulo. Wogulitsa anali bambo waimvi, wolankhula pang'onopang'ono ngati akuwerenga mlingo wa mankhwala. Anaona mapepala anga, anayala kansalu patebulo n'kuikapo mfuti zitatu zazing'ono, zogwira ndi dzanja limodzi zija. Ndinkayesa mtima ugunda. Ayi ndithu, ndinkangoziona ngati masipanala.

Yoyamba inali yaikulu, yakuda bii, zipolopolo zake zolowera m'chogwirira.

"Iyi imanyamula zambiri," anatero wogulitsayo, "koma musanaombe muyenera kukoka chapamwambachi, ndipo imafuna munthu woizolowera. Mukanjenjemera imakukanirani."

Yachiwiri inali kakang'ono kokwana m'thumba la malaya. Anati anthu amakakonda poti n'kopepuka, koma kakalira kamalumpha m'dzanja, ukhoza kulasa denga m'malo mwa wakuba. Yachitatu inali yachikale, yokhala ndi kang'oma kozungulira ka mabowo oikamo zipolopolo.

"Iyi ilibe nzeru zambiri," anatero. "Siifuna kuti muzikumbukira izi ndi izi. Ngakhale munthu wamantha amaitha."

"Ine si wamantha," ndinatero, n'kunyamula yaikulu ija.

Anandisiya ndiitembenuze kawiri katatu, kenako anafunsa ntchito yanga. Ndinati chigayo.

"Nanga mukachokapo, pakhomo pamatsala ndani?"

"Mayi akunyumba."

"Chilolezochi chili m'dzina la ndani?"

"Si mukuliona dzinalo?"

"Ndiye mumvetse, bambo. Mfutiyi woigwira ndinu nokha. Mukachoka imakhala m'bokosi lachitsulo lokhoma, kiyi muli naye inu. Mayiwo akaigwira ndi mlandu. Tsono mukugulira ndani?"

Asa! Kuyenda miyezi yonseyi kuti ndidzafunsidwe mafunso a m'kalasi ya ubatizo? Ndinamufunsa ngati anatsegula sitoloyo kuti azigulitsa kapena kuti azilalikira. Sanakwiye, sanasekenso. Anangoti ndiyese kukoka chapamwamba chija. Ndinayesa, zala zinaterereka ndi thukuta. Ndinayesanso, zinatererekanso, ine munthu wopukusa injini ya chigayo m'mawa uliwonse. Ndinaiika pansi n'kuloza ya kang'oma ija, ya munthu wamantha. Wogulitsa anangoyamba kulemba. Anandionetsa kagwiridwe kake, kaikidwe ka zipolopolo ndi kachotsedwe kake, n'kundiuza kokaphunzira kuombera.

Ndinabwerera pa minibasi, bokosi lachitsulo lili pamiyendo. Mayi wina amene ndinakhala naye pafupi anafunsa kuti muli chiyani molemera chonchi. Ndinati zitsulo za chigayo. Kunyumba ndinaboola khoma lakuchipinda, ndinamangirira bokosilo ndi mabawuti kuseri kwa kabati ya zovala. Akazi anga anabwera ndi tsache, anasesa fumbi la njerwa, osafunsa kuti n'chiyani.

Titakolola ankhoswe anakumana pakhonde pathu: atsibweni aja kuchikazi, akulu anga kuchimuna. Akazi anga anakhala pamphasa, miyendo atatambasula, maso pansi. Titamwa tiyi atsibweni anati, "Akamwini, tabwera. Tiuzeni."

Ine ndinkati chinthucho chilankhula chokha. Ndinalowa m'nyumba, ndinatsekula bokosi, ndinatuluka nayo n'kuiika patebulo pakati pa makapu.

Atsibweni anakankhira mpando wawo m'mbuyo. Akulu anga anandigwira mkono.

"Iwe, wazungulira mutu? Mfuti pamaso pa ankhoswe? Ukufuna anene kuti tawaopseza?"

Ndinayamba kufotokoza kuti ilibe zipolopolo, kuti ndi yachilolezo, ndinatulutsa mapepala, ndinanena za maulendo onse aja. Palibe amene ankayang'ana mapepalawo. Akazi anga anali atadzutsa mutu, akuiyang'ana mfutiyo osaphethira.

"Yonga imeneyo ndinaiona kale," anatero. "Anandiika pakhutu apa."

Sindinkadziwa. Ndinkayesa anthu aja anabwera ndi zikwanje zokha. Miyezi yonseyo kugona nyumba imodzi, kudya mbale imodzi, ine osadziwa kuti mkazi wanga analozedwa mfuti pakhutu. Apolisi anauzidwa, atsibweni ankadziwa, wosadziwa ndinali ine.

"Abambo," anapitiriza, mawu ali phee, "kukagwa maliro ena, imeneyo idzakhala kuti?"

"M'bokosi."

"Kiyi?"

"M'thumba mwanga."

"Inuyo mudzakhala kuti?"

Anadikira pang'ono, kenako anaimirira, anapinda mphasa n'kuitsamiritsa kukhoma.

"Atsibweni, tiyeni tizipita kusanade."

Panalibe kulalata, panalibe misozi. Chikwama chawo ndinanyamula ndine mpaka pa siteji. Ndikukumbukira kuti pamene ankakwera ine ndinkayang'ana matayala a minibasiyo, ndikuganiza kuti akutha, mvula ikadzayamba adzavutika nawo pachitunda. Ndi zokhazo zimene zinali m'mutu mwanga. Ndinabwerera, ndinatsuka makapu anayi aja, mfuti ndinaibwezera m'bokosi.

Chaka chinatha choncho. Mwana akatsekera sukulu ankapita ku Ntchisi, kuno ankangodutsa. Lamulungu ndikachoka kutchalitchi ndinkaitulutsa mfuti ija, kuipukuta ndi kansalu ka mafuta, kuzunguza kang'oma kake, kuibwezera. Wakuba sanabwerenso ngakhale wa nkhuku.

Kenako kunabwera foni yoti apongozi anga aakazi atisiya. Ukwati sunathe, sitinasudzulane, ndiye ndinali mkamwini ndithu, ndipo mkamwini sasowa pamaliro a apongozi ake. Ndinavala jekete, ndinaima pakhomo kiyi ali m'manja. Womuuza kuti tsalani panalibe. Mfuti sungapite nayo kusiwa, anthu angakuone bwanji? Ndinaisiya m'bokosi mwake, ndinakhoma chitseko, ndinakhoma chigayo, ulendo. Minibasi mpaka Mponela, ina mpaka ku Ntchisi, kenako njinga yamoto yokwera mapiri aja mpaka kwawo.

Ndinakhalako masiku atatu. Ndinawaza nkhuni, ndinathandiza kunyamula bokosi la maliro, ndinakhala pamene akamwini amakhala. Akazi anga ndinkangowaonera patali pakati pa azimayi. Tsiku lomwazikana ndinawapeza kuseri kwa nyumba akutsuka mbale. Thupi lawo linali litabwerera mwakale, ndipo ndisanafike ndinawamva akucheza ndi anzawo, mawu aja amene kwathu anasowa. Anzawowo atandiona anasuntha.

"Pepani ndi zovutazi, amake mwana."

"Zikomo, abambo. Mwachita bwino kubwera." Anapukuta manja pachitenje. "Kunyumba mwasiya ndani?"

"Palibe. Ndangokhoma."

"Masiku onsewa?"

"Eya."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, osati mokwiya.

"Kani zimatheka," anatero.

Apo ndiye ndinamva kuwawa, koyamba chichitikireni zonsezi, kuwawa kwenikweni kochokera m'chifuwa mpaka m'mawondo. Iwo ananyamula ndowa n'kulowera kumjigo, ine ndinatsala chiimire, chipewa chili m'manja.