Nsomba za apongozi pamphuno pa galimoto

Galimoto yanga ndi ya otomatiki, ndipo mchenga wa njira ya ku nyanja ya Amaramba siigwirizana nawo. Ikalimbana nawo pang'ono, kaisha, imene tili ku Malawi tinkati giyabokosi, imatentha, magiya n'kuyamba kuterereka. Mekaniko wa pa Insaca anandiuza kuti ndiike karadiyeta kena kakang'ono kutsogolo, koziziritsa oyilo wa kaishayo. Mnzanga woyendetsa shapa, minibasi ya kuno, anati ndisayerekeze dala, opanga galimoto sanali opusa, ukangodula mapaipi wayamba kudonthetsa. Ine ndinatsala pakati. Ndinkangozungulira galimotoyo, kutsegula boneti, kutseka, kufunsa aliyense amene ndamuona ndi sipanala m'manja. Mkazi wanga anatopa nane.

"Ikani kapena musiye, bambo. Mwatitopetsa."

Ndinaika. Chinandifulumizitsa ndi uthenga woti apongozi anga, bambo a mkazi wangayo, mwendo watupa, tikawatenge abwere kuchipatala ku Insaca. Mdalayo ndi msodzi, Msilamu wa kunyanja. Ine wa tchalitchi, wokulira kothawa nkhondo ku Malawi, sanandikane koma sanandilandirenso. Moni wathu unali wa mawu awiri, maso kumbali, ndipo zimenezi zinkandidya mumtima.

Popita galimoto inayenda ngati yatsopano, ndinafika ndikuimba mluzu. Pokonzekera kubwerera ndinapeza mdala atagwada movutikira kutsogolo kwa galimoto, akumangirira nsomba ndi luzi. Kuno nsomba zaziwisi sizilowa m'galimoto, zimapachikidwa panja kuti zizipitidwa mphepo. Milamba ikuluikulu ndi makumba, anazindandalika pamalo penipeni pamene karadiyeta kanga kamapumira.

"Izi n'zanu," anatero osandiyang'ana.

Chikwatirire mwana wawo anali asanandipatsepo ngakhale mutu wa nsomba. Ndiye ine mkamwini ndimasule zimene apongozi amanga ndi manja awo, mudzi wonse ukuonerera? Ndinangoti nditsegule pakamwa, mkazi wanga anandiponda chala. Ndinathokoza, ndinawomba m'manja, tinanyamuka, mdala atakhala kumbuyo ndi mwana wawo.

Unali mwezi wa dzuwa loswa mtengo. Ine maso pamsewu, mphuno ikununkhiza, thukuta kamukamu. Mumtima ndinkatukwana mekaniko, mnzanga wa shapa uja, ngakhale milamba imene. Tikuwoloka mchenga woyamba fungo linayamba, lija la oyilo wopserera. Pa wachiwiri injini inkangolira, galimoto ikukwawa. Kupitiriza kunali kupha kaisha, ndipo ikafa pathengo pamenepo, munthu wa mwendo wotupa ndikanamusenza pa chiyani? Ndinaimitsa pansi pa mtengo wa mango, ndinathimitsa.

Mdala anafunsa mwana wawo m'Chiyao chimene taimira. Iye anazengereza, kenako anayankha motsitsa mawu. Chiyao changa n'choperewera, koma manyazi ndinawamva onse. Ndinalakalaka nthaka itang'ambika.

Chitseko chinatseguka. Mdala anatsika okha, kukana kugwiridwa, natsimphina mpaka kutsogolo. Analowetsa dzanja kuseri kwa nsomba zija, nalichotsa msanga chifukwa cha kutentha. Ndiye anayamba kumasula mfundo zawo imodziimodzi, osadula luzi. Ine ndili chilili pambali ngati mlendo pa galimoto yanga yomwe, osadziwa pothandiza. Ndinati basi, mphatso yabwerera kwa mwini wake, ndi ukamwini wanga womwe wathera pano.

Tinadikira kuti kaisha izizire. Itakwana nthawi yokwera, mdala sanapite kumbuyo. Anatsegula chitseko cha kutsogolo, nakhala pafupi ndi ine, nsomba zija ataziika pamiyendo, zikudonthera pa mkanjo wawo woyera wopitira kuchipatala.

"Bambo, mkanjo wanu," ndinatero.

"Uchapika. Izi ndikugwirirani mpaka kwanu." Anatembenuka, nandiyang'ana m'maso koyamba. "Mwananga, pakamwa muli napo. Muzinena."

Ndinaliza galimoto, tinanyamuka.