Makadi a Kusikelo Amene Anaphunzitsa Kompyuta za Mvula

Mayi wina, mlangizi wa zaulimi, anatuluka pamsonkhano atazolika, alimi akumuseka kumbuyo. Chaka chathacho ndi iyeyo anawauza kuti adzale msanga, poti kompyuta ya ku ofesi, ija amati ili ndi nzeru zopangidwa ndi anthu, inalosera mvula yabwino. Mbewu zonse zinapserera m'nthaka. Apongozi ake enieniwo anangotsala ndi chitini chimodzi cha mbewu, ndipo moni ankamuyankha ndi mphuno.

Katswiri wa kompyutayo sanamubisire mayiyu. Anati makinawo anaphunzira mvula ya madera ena, kwawoko kunalibe choyezera mvula, choncho ankangoyerekeza. Chofunika chinali mbiri ya zaka zambiri.

Mayiyu anayamba kuyenda khomo ndi khomo kufunsa okalamba zizindikiro za mvula zimene ankaziona m'zaka za m'mbuyo. Koma inu, okalamba ndi madeti wapi ndi wapi! Wina ankati mitengo inaphuka mochedwa chaka chimene anabadwa mwana wake wachitatu, wina ankati mphepo inatembenuka mapasa ake akukwawa. Anatsala pang'ono kuzisiya, mpaka anakumbukira kuti mwana aliyense ali ndi khadi la kusikelo. Anthu anafukula makadi m'masutukesi, ena odyedwa ndi chiswe, ndipo chizindikiro chilichonse chinapeza chaka chake. Miyezi isanu ndi itatu inatha iye ndi katswiriyo akulowetsa zimenezi mu kompyuta.

Yankho linali lowawa: mvula yoyamba idzanama, alimi adikire. Mayiyu anawauza zimenezo.

Koma itagwa, ambiri anathamangira kumunda kukadzala. Apongozi anaima pakhomo, chitini chili m'manja.

"Ndikumvera komaliza, mwana wanga. Ukandinamizanso, chaka chino tidya mapepala akowo."

Dzuwa linaswa mtengo masiku khumi ndi asanu ndi anayi. Mayiyu anali ndi mantha osaneneka, ankayenda maso ali kumwamba mpaka kupunthwa. Kenako inabwera mvula yeniyeni, yamasiku atatu osakata.

Anathamangira kwa apongozi, anawapeza akutsegula chitini, mbewu yonse ilimo.

"Waimiranji ngati mlendo? Tenga khasu tizipita."

Apo m'pamene mtima wake unakhala m'malo, misozi n'kusakanikirana ndi mvula.

Inu amene munalakwitsapo anthu akuona, musathawe. Funsani pamene panalakwika, gogodani makomo, ngakhale akusekeni. Musataye mtima, khasu lanu likukudikirani.