Masivi a Sisi wa Pakona

Sisi wa pakona sadziwa kukhala phee. Akamatayipa mwendo umagwedera pansi pa tebulo, maso ali kumsewu, mano akutafuna chivindikiro cha bolopeni. Zaka khumi ndi ziwiri wathera m'kachipinda ka kompyuta imodzi, makina a fotokope ndi benchi ya odikira, akulembera anthu masivi, mapepala aja onena za sukulu ndi ntchito zimene munthu wagwirapo.

Zolakwitsa za anthu zimamutopetsa. Wina amapereka nambala ya foni imene inatayika chaka chatha. Wina amaika amalume ake kuti adzamuchitire umboni, amalumewo osadziwa n'komwe. Tsiku lina wina anabweretsa chithunzi cha pa ukwati wa mlongo wake, duwa lili pachifuwa.

"Achimwene, mukufunsira ntchito kapena mbeta?" anatero Sisi, benchi yonse n'kufa nacho chiseko.

Koma naye anali ndi kachizolowezi kake. Munthu akabwera wopanda choti n'kulemba pa sivi yake, chisoni chimamugwira, n'kumuthirirako kamchere. Miyezi itatu imasanduka zaka ziwiri, wosesa mu ofesi amatuluka ali wothandizira mlembi. Mumtima ankati akuthandiza, paja mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Kenako mwini nyumba anabwera ndi uthenga: kachipindako agwetsa mwezi ukatha. Sisi anasowa pogwira. Anayenda msewu wonse kufunafuna malo ena, osapeza, ndipo ana ake awiri anayamba kufunsa chifukwa chimene amayi akudyera choimirira. Atamva kuti kampani ina ya matabwa ikufuna mlembi, anakhala pansi kulemba sivi yakeyake. Analemba, kufufuta, kutuluka panja, kubwerera. Pake pokha bodza linamukanika. Anaika zoona zokhazokha: wakhala akudzilemba ntchito yekha, ndipo bwana woti n'kumuchitira umboni alibe.

A kukampaniyo anamuitana Lachinayi m'mawa. Bwana wa kampaniyo anamupatsa kalata yoti atayipe, Sisi n'kuimaliza bwanayo asanapukute magalasi.

"Mayi, zala zanu si zamasewera," anatero bwanayo. "Koma akuluakulu akufuna munthu amene wagwirapo mu ofesi. Tamupeza amene wagwira zaka zisanu, moti sitinamuyese n'komwe, onani nokha."

Anamutembenuzira pepala. Sisi anangoti maso tong'o. Dzinalo ankalidziwa: mayi wogulitsa nsapato pafupi ndi kachipinda kake, amene sanakhudzepo kompyuta chibadwire. Zaka zisanuzo anamupatsa ndi Sisi yemweyo sabata ziwiri zapitazo, mayiyo akulira pa benchi kuti malonda afa.

"Mukumudziwa?" anafunsa bwanayo.

Sisi anayang'ananso pepalalo. Akanena zoona, amuphera mnzake ntchito, ndipo iye mwini adziulula kuti ndiye wophika mabodzawo. Ndani angalembe ntchito mlembi wotere? Mkwiyo ndi manyazi zinamutentha mpaka m'makutu.

"Ndimangomuona mumsewu, bwana," anayankha, n'kunyamula chikwama chake.

Anatsika masitepe awiriawiri osafuna kuonana ndi munthu. Pageti wina anamugwira mkono. Anali mayi wa nsapato uja, atavala siketi yobwereka, nkhope ili mwee.

"Sisi, Mulungu akudalitseni, anditenga! Akuti ndiyambe Lolemba." Anayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu. "Ndiye pepanitu, mawa ndibwere nthawi yanji kuti mudzandiphunzitseko kutayipa?"