Mwala umene unapsa ku Makhanga

Tinanyamuka ku mapiri a kumadzulo kwa Chikwawa Lachiwiri m'mamawa, ine ndi mwala. Zinali zaka zija nkhondo ya Ajeremani isanabuke, ndili mtengatenga wa mzungu wofufuza malasha. Iye anali atatsogola pa machila kupita ku Nsanje atagwidwa ndi malungo. Anandisiyira mawu akuti mwalawo ukafika wathunthu adzandilembera kalata yolowera ntchito m'sitima yapamadzi. Ntchitoyo ndinkaifuna ndi mtima wonse, poti nkhata inali itayamba kundimeta dazi ndisanakwatire n'komwe.

Mwalawo unali wakuda, wathyathyathya, wolemera ngati mwana wa mbuzi, ndipo pamwamba pake panali timizere ngati mamba a nsomba. Mzunguyo ankati si nsomba ayi, ndi tsinde la chomera chimene chinatha anthu asanakhaleko. Ankati pa mamba aliwonse panali katsamba, ndipo chomeracho chinalibe maluwa kapena mbewu, chinkaberekana ndi fumbi. Abale ake akuti alipobe, tizomera tokwawa m'mapiri a Mulanje. Ine ndinkangovomera.

Kwa Lundu ndinadutsa Lachitatu dzuwa lili paliwombo. Amayi ena pachitsime anasuzumira m'dengu langa.

"Achimwene, nsomba yanuyi mwaiyanika mopitirira," anatero. Onse anafa nalo phwete, koma madzi anandipatsa.

Lachinayi ndinapeza bwato padoko. Mwini wake, a Zuze, Msena wamfupi wolankhula kwambiri, anati ine ndilipire sikisipensi, mwala tiki.

"Mwala ulipirenso?"

"Ukupalasa? Nkhabe! Wakhala pansi ngati iwe."

Tinatsetsereka ndi Shire masiku awiri, mvuu zikutiyang'ana ngati tazilakwira. Lachisanu masana tinaima ku Makhanga kwa mlongo wawo wa a Zuze. Ndinatula dengu pakhonde n'kupita kukasamba.

Inu amene simunafikeko, dziwani kuti ku Makhanga mwala ndi chinthu chosowa. Ndi dothi ndi bango basi, ndipo mafuwa amachita kuumba. Pobwera kosamba ndinapeza mphika wa mpunga uli pamoto, mwala wanga uli pansi pake.

"Takhuta, baba," anathokoza m'Chisena mayiwo akusekerera. "Alendo ena amabwera ndi njala yokha, inu mwabwera ndi fuwa."

Ndisanatsegule pakamwa, mwala uja unangoti phwaa! Pakati mpakati. Mayiwo anapepesa mpaka kugwada, ine kukalipa ndinalephera. Mpunga wa mlamba wowamba unali wokoma, ndisaname, koma ndinaudya misozi ili m'maso. Mwala utazizira ndinaphatikiza zidutswa ziwirizo osayang'ana m'kati, n'kumanga ndi luzi.

Ku Nsanje tinafika Loweruka madzulo. Mzungu anali pakhonde, atayezuka ngati papaya. Anamasula luzi, mwala n'kutseguka. Anawerama n'kuusuzumira, ine ndikuyang'ana kothawira. Kenaka anatulutsa kagalasi kake n'kukuwa, "Bwera uone!"

M'kati munali nthambi yathunthu, yogawikana pawiri, paliponse timasamba tonga minga, kalikonse ndi kamtsempha kamodzi. M'tsinde mwa timasamba tina munali timatumba ta fumbi lija. Zimene ndinkayesa zobwebweta za malungo ndinaziona ndi maso anga.

"Nyundo ikanaphwanya zonsezi. Waung'amba bwanji?" anafunsa.

Apa mpamene ndinadzipweteka ndekha. Za mayi aja sindinatchule.

"Ndi moto, bwana. Pang'onopang'ono. Pamafunika luso."

Anandigwira chanza mwamphamvu. "Munthu waluso chotere ndimupereke kwa oyendetsa sitima? Ayi! Ukhala ndi ine."

Ndikanangonena zoona kuti mwala ndinausiya pakhonde n'kupita kosamba, bwenzi atandilembera kalatayo msangamsanga kuti ndimuchoke. Ulemu wa eni ake unandinyamulitsa miyala zaka zina ziwiri. Sitima inanyamuka Lolemba m'mawa ikuliza mluzu, ndipo ndinaiona bwinobwino ndili pamtunda, dengu lili pamutu.