Pezani pamene panang'ambika

Amayi anga amasoka, koma musawatchule telala iwo ali pomwepo, mungadane nawo. Telala amadula nsalu yatsopano. Iwo ntchito yawo ndi zong'ambika: jekete yobooledwa ndi ndudu, diresi yokodwa pa msomali, thalauza yodyedwa ndi njenjete. Chigamba saika. Amasolola ulusi kumpendero wa chovala chomwecho, mkati mosaoneka, n'kuluka bowolo ulusi umodziumodzi mpaka litatsekeka. Kachipinda kawo kali pakati pa wokonza nsapato ndi wometa. Muli tebulo, mpando, simbi, ndi windo limodzi pomwe salola munthu kuima chifukwa amawatsekera kuwala.

Lamulo lawo aliyense amalidziwa. Akamaliza, amakupatsa chovala chako n'kunena kuti, "Pezani pamene panang'ambika. Mukapapeza, musalipire." Ndakula ndikuona azibambo amataye akutembenuza majekete awo pakhomo, thukuta lili kamukamu, kufuna zaulere. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anapapeza.

Koma maso awo saona patali kuyambira ali mtsikana. Magalasi awo ndi okhuthala moti msewu wonse umawadziwa kuti a Mabotolo, dzina lomwe amadana nalo koopsa. Akawavula, munthu woima pakhomo amangokhala chithunzithunzi. Chikhalirecho, posoka amawakankhira pachipumi magalasiwo n'kubweretsa nsalu pafupi ndi mphuno ngati akuinunkhiza. Tonse m'banjamo tinkangoti limenelo ndi vuto linanso la maso awo oipawo.

Nkhani ya opaleshoni inayamba ndi mvula. Tsiku lina amayi akuweruka, magalasi atadzaza madontho, anaphonya sitepe pakhomo pa sitolo n'kugwa chagada. Magalasi anathawira kwina. Anakhala pansi m'matope akupapasa, anthu akuwalambalala, mpaka mayi wina wosamudziwa anawagwira dzanja n'kuwaperekeza kunyumba. Bondo linatupa, koma chimene chinawapweteka si bondo.

"Ine kutsogoleredwa ndi dzanja? Ine?" anatero akuvula nsapato zonyowa. "Ndatopa nawo mabotolowa."

Achimwene anga, omwe amayendetsa galimoto ya kampani ina, anangoti laponda lamphawi. Kuntchito kwawo amathandiza makolo a antchito pa zachipatala, ndiye anabwera ndi nkhani ya opaleshoni ya leza. Akuti dokotala amasema pamwamba pa diso ndi kuwala, kanthawi kochepa chabe, munthu n'kutuluka wopanda magalasi. Achimwenewo ndi munthu wabwino, koma akagwira nkhani sasiya, ndipo amalankhula ngati anabadwira m'chipatalamo.

Bambo anakana kwamtuwagalu.

"Amake ana, diso si thalauza yoti ikalakwika musasula. Akakuotchani mukhala wa ndani?"

"Ndikhala wanu, si munalonjeza?" anatero amayi. "Maso ndi anga. Ndipita ndikamve ndekha."

Ine ndinali kumbali ya amayi, chifukwa ndinali nditaona matope aja pa diresi yawo. Ndinawaperekeza pamodzi ndi achimwene.

Dokotala anali mayi wofatsa, wosafulumira. Anawayeza maso m'makina osiyanasiyana, kenako anawauza zonse mosabisa. Anati ambiri amatuluka akuona bwino patali. Ena maso amauma kwa miyezi, ena akaona magetsi kukada kuwalako kumamwazika, ndipo alipo ochepa omwe zimawavuta kwa nthawi yaitali. Anawonjezera kuti chosemedwacho sichibwezeretsedwa. Amayi ankangogwedeza mutu, osatekeseka. Achimwene anali atayamba kale kufunsa za tsiku.

Podikira kuti achimwene amalize mafunso awo, amayi anaona kaulusi kosololoka pa mkono wa bulauzi yanga. Manja awo sakhala chete. Anakankhira magalasi pachipumi, n'kukokera mkono wanga kumphuno kwawo.

Dokotala anasiya kulemba.

"Mayi, mumasoka chonchi nthawi zonse? Mutavula magalasi?"

"Nanga ndisoke bwanji? Ndikavala sindiuona ulusi."

Apa ndiye dokotala anawafotokozera chimene palibe wa ife anachiganizako. Maso osaona patali ngati awo amaona pafupi kwambiri kuposa a anthu ena, ndiye kuvula magalasi kuja kunali ngati kutenga galasi lokulitsa zinthu. Akawakonza kuti aziona patali, zimenezo zitha. Ndipo pa msinkhu wawo, zaka makumi asanu zitakwana kale, adzafunika magalasi ena owerengera kuti aone chilichonse chapafupi.

"Ndiye mwati ndivule mabotolo a kutali, ndivale a pafupi?"

"Owerengerawo ndi opepuka, ndipo ambiri amasoka nawo bwinobwino. Koma kuti muziona ulusi ngati mmene mukuonera panopa, sindingakulonjezeni."

"Amayi, galasi lokulitsa ndikugulirani," achimwene analowerera. "Komanso mwasoka mokwanira. Muzipumako."

Amayi anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Iwe, ndinakuuza kuti ndatopa ndi magalasi. Sindinakuuze kuti ndatopa ndi ntchito."

Dokotala ndiye anapeza njira. Anawapatsa timagalasi tofewa tomamatira pa diso, ndi magalasi owerengera, kuti akayambe akhala masabata angapo mmene adzakhalire akachitidwa opaleshoni. Akakhutira, abwerere.

Zoona zake, masiku amenewo amayi anasangalala, ndipo ine ndikakumbukira mtima umandiwawa. Ankaima pakhomo n'kumawerenga mokweza zikwangwani za tsidya la msewu. Anauza wometa kuti wakalamba kuposa mmene ankaganizira. Mvula itagwa anatuluka dala opanda ambulera, nkhope ili m'mwamba, n'kuzungulira msewu wonse ngati mwana. Atabwerako anaseka mpaka misozi. Madzulo maso ankawathetha ndi timagalasito, koma sankadandaula. Bambo nawo anayamba kufewa, ati sanadziwe kuti anakwatira mkazi wa maso aakulu chonchi.

Pa ntchito pokha m'pamene ankakhala chete. Ankavala owerengera aja, n'kuika galasi lokulitsa la achimwene pakati pa nkhope ndi nsalu. Singano inkagunda galasilo. Ankasuntha mpando, kusuntha tebulo, kutukwana windo. Zovala za makasitomala anaziunjika pambali, ati zidikire.

Ndiye jekete ya kuntchito ya achimwene inakodwa pa chitseko cha galimoto, n'kung'ambika pamwamba pa thumba. Anaibweretsa akumwetulira.

"Nayi mayeso, amayi. Muone kuti palibe chasintha."

Amayi anaigwira masiku awiri. Tsiku lachitatu tonse tinali m'kachipinda kaja, bambo atakhala pa mpando, ine nditatsamira chitseko. Amayi anaisita jeketeyo n'kuipereka.

"Peza pamene panang'ambika."

Mwina mukuganiza kuti achimwene ankadziwa kale malowo. Makasitomala onse amadziwa kuti bowo linali chapamwamba pa thumba kapena pa chigongono, koma akafikapo amapeza nsalu yokhayokha, chala n'kumangoyendayenda. Achimwene anatenga jekete ija n'kuiyendetsa chala chachikulu pamwamba pa thumba. Chalacho chinaima.

"Aa, sindikupaona," anatero mofulumira. "Mwaonatu, amayi? Mmene zinalili kale."

Ine ndinali nditaona. Bambo anali ataona. Achimwene sadziwa kunama, makutu awo amawaulula.

"Chotsa chala," anatero amayi.

"Amayi, palibe kasitomala angaone zimenezi."

"Ndati chotsa chala."

Anachotsa. Panali kamzere kakang'ono, kotukuka pang'ono, pomwe ulusi unadumpha unzake. Telala aliyense akananyadira ntchito imeneyo. Amayi anayang'anitsitsa kamzereko, ndipo ine ndinachita mantha.

Kenako anasamba m'manja pa beseni, n'kutulutsa timagalasi tija m'maso, kamodzikamodzi, n'kutitsekera m'kabokosi kake. Anapapasa pa tebulo mpaka atapeza mabotolo awo.

Achimwene anapsa mtima.

"Ndiye mukufuna mudzagwenso? Tsiku lina sikudzakhala bondo, idzakhala galimoto. Mukusiya maso abwino chifukwa cha kamzere koti munthu achite kukapapasa?"

Sankanama, ndipo amayi sanawatsutse.

"Kugwa ndingagwe, mwanawe. Mvula ikamagwa ndizidikira ikate, kapena ndizivala timagalasito poyenda. Dziko ndaliona, n'lokongola, ndipo ndililira. Koma maso amene mumati oipawa ndi amene anakulerani nonse awiri. Ukufuna ndikawapereke kuti ndizikawerenga zikwangwani?"

"Ndinanena ine," bambo anayamba.

"Inunso khalani chete, simunanene zimenezo. Inu munkangoopa. Opaleshoniyo ilibe mlandu, ndipo tsiku limene manjawa adzayambe kunjenjemera ndidzapita ndekha, osakupemphani. Ndikadzasiya singano ndidzafuna kuona mbalame."

Anakankhira magalasi pachipumi, kutenga sizasi yaing'ono, n'kusasula ntchito yonse ya masiku awiri ija ife tikuona. Bowo linabwereranso pamwamba pa thumba. Anabweretsa jekete ija kumphuno, ndipo kuyambira pamenepo sanatimvenso. Tinatuluka mmodzimmodzi.

Kwa dokotala amayi anapita okha kukamuuza kuti opaleshoni ayamba aileka. Akuti anamuthokoza chifukwa chosiya kulemba tsiku lija.

Achimwene anabwera kudzatenga jekete yawo patapita masiku angapo, nkhope idakali yokwinya. Ine ndinali pomwepo. Amayi anaipereka, koma achimwene sanaivale. Anapita nayo pawindo paja, poletsedwa paja, n'kuyamba kufufuza. Ulendo uno ankafunitsitsa kupapeza. Anayendetsa chala pamwamba pa thumba, kubwerera, kuitembenuza mkati, kuiyang'anitsa pa dzuwa. Wokonza nsapato anasuzumira kuti aone chimene chikuchitika.

Atatopa, anatsitsa jeketeyo. Maso awo anali atafiira.

"Amayi, panali pati kodi?"

Amayi anatsitsa mabotolo awo kuchoka pachipumi kuti amuone bwino mwana wawo.

"Choka pawindo, ukunditsekera kuwala," anatero. "Ndipo ulipire."