Dzina Monga Lili mu Pasipoti

Anandiitana Lachiwiri m'mawa, sabata yachiwiri ya Febuluwale, ndili pakati pa phunziro. Mlembi wa mkulu wa koleji anasuzumira pakhomo la kalasi n'kundikodola ndi chala. Pa bolodi ndinali nditalemba funso limene ndakhala ndikufunsa ophunzira kwa zaka makumi awiri: msewu umene tonse timayendapo, amaulipira ndani? Ndinawauza kuti ndibwera pompano. Sindinabwererenso, ndipo sindikudziwa amene anafufuta funsolo.

Mu ofesi munali amuna awiri ovala mikanjo yoyera yosita bwino. Mkulu wa koleji, amene sabata yathayo anandigwira chanza n'kunditcha kunyada kwa sukulu yake, anali kuyang'anitsitsa kapu yake ya khofi.

"Dokotala, tili ndi mafunso ochepa," anatero wamkulu mwa awiriwo, m'Chingerezi chofatsa. "Mphindi khumi zokha."

Mphindi khumizo zinakwana masiku makumi awiri ndi atatu.

Udokotala wanga si wa jakisoni. Ndinaphunzira za chilungamo pa chuma: amene amalipira msonkho, amene amauzemba, ndi amene amadya zotuluka pamenepo. Kwathu ku Malawi ndinayamba ndi amayi ogulitsa tomato, amene amadula chiphaso cha msika m'mawa uliwonse asanagulitse ngakhale mulu umodzi, pamene makampani akuluakulu amakhululukidwa msonkho zaka ndi zaka. Ndinalemba, ndinakalipa pa wailesi, palibe amene anandimanga. Ankangondisiya ndilankhule mpaka nditope. Nditalandira ntchito pa koleji ina ya zamalonda ku Dubai, anzanga anandiseka koopsa. Ati katswiri wa msonkho akupita kudziko kumene malipiro sadulidwa msonkho, ndiye msodzi wasamukira kuchipululu.

Lamlungu ndinkakwera basi kuchoka kwanga ku Karama kupita ku International City, kumene amayi a kwathu ankapemphera m'kachipinda kodzaza mabedi osanjikiza. Onse anali antchito a m'nyumba ndi olera ana. Mapemphero akatha, nkhani zinkayamba. Wina pasipoti yake ili m'kabati ya madamu. Wina amagona pansi pafupi ndi makina ochapira. Wina tsiku lopuma analiona komaliza chaka chatha. Angapo anali atathawa m'nyumba zimenezo, ndipo kumeneko bwana akangokanena kuti wantchito wathawa, wolakwa amakhala wothawayo. Ndinkamvetsera magazi akuwira. Yankho la funso langa la pa bolodi linali m'kachipinda kameneko. Mzindawo uli nawo msonkho, kungoti satolera kwa ine ndi anzanga a mataye. Amatolera pa tulo ta amayiwa, pa misana yawo, ndi pa zaka zimene ana awo akukula osawaona.

Ndinaganiza zochita kafukufuku. Lamulo la ntchito yathu limati usanamufunse munthu mafunso, asayine pepala lovomereza kuti wauzidwa zonse ndipo sanakakamizidwe. Lamulo limeneli ndinkaliphunzitsa ndekha, ndipo ndinalepheretsapo ophunzira mayeso chifukwa cha ilo. Pepala langa linali ndi mzere wa dzina, mzere wa nambala ya foni, ndi mzere wosayinapo.

Woyamba kuvomera anali mayi wa ku Ntcheu amene ankatsogolera nyimbo. Dzina lake sindilemba, linalembedwa kale mokwanira. Tonse tinkangoti Achemwali. Anathawa kwa madamu wawo atapsa dzanja ndi simbi, ndipo sikuti anadziwotcha okha. Kuyambira pamenepo ankagwira maganyu ochapa ndi kukolopa mobisa. Mwana wawo wamkazi anali m'chaka chomaliza cha unamwino kumudzi, ndipo fizi yonse inkachokera m'manja opsa amenewo.

"Akangomaliza, inshallah, Mulungu akalola, ndikwera ndege ndekha," ankatero. "Safunika kundithamangitsa."

Atalandira pepala analemba dzina la mfunda wawo, momwe amayi a kwathu amaitanirana. Ine ndinalitenga pepalalo, n'kuwapatsa lina latsopano.

"Ayi Achemwali, lembani dzina monga lili mu pasipoti. Pepalali ndi lokutetezani inuyo."



"Poti mwanena ndinu ophunzira," anatero, n'kulemba dzina lonse, ndi nambala yomwe.

Enawo anakana m'maso muli gwa. Mmodzi wa ku Mulanje, wapakamwa, anandiuza mosapsatira.

"Aphunzitsi, khalas, zathera pompa. Ife tilemba momwe amatiitanira, nambala ayi. Ngati sizikukwanirani, yalla, tiyeni, basi ikutisiya."

Ndinagonja ndikung'ung'udza. Ndinapita kunyumba nditakhumudwa kuti amayi osadziwa malamulo a kafukufuku andiwonongera ntchito. Mapepala khumi ndi asanu ndi awiri anali a Naphiri, Nabanda, Make Chisomo ndi otero. Limodzi lokha ndilo linali lolembedwa bwino, ndipo ndinaliika pamwamba pa onse m'fayilo yobiriwira.

Mu Januwale ndinalankhula pa msonkhano wa akatswiri mu hotela ina ku Festival City, mawindo akuyang'ana kumadzi. Sindinatchule munthu aliyense. Anawomba m'manja, ena anajambula ndi mafoni zimene ndinaonetsa pakhoma. Ndinaiwala kuti kwa eni kulibe mkuwe. Patapita milungu itatu ndi pamene mlembi uja anandikodola.

Kuchoka ku koleji anapita nane kunyumba kwanga. Anatenga foni ndi kompyuta. Fayilo yobiriwira sanavutike kuifunafuna, inali pa shelefu, ndipo pamsana pake ndinali nditalembapo ndekha zimene zili mkatimo. Kenako anandimanga nsalu kumaso. Atandimasula ndinali m'chipinda chopanda windo, cha makina oziziritsa amene sankazimitsidwa. Msilikali wamkazi ananditengera mandala, lamba ndi mpango wa kumutu.

"Kuno sufunika kuona patali," anatero.

Mafunso anayamba Lachinayi. Wondifunsa anali yemwe uja wa Chingerezi chofatsa, ndipo sanakwezepo mawu ngakhale tsiku limodzi. Milandu inali itatu: kuchita kafukufuku popanda chilolezo, kuipitsa mbiri ya dziko, ndi kubisa anthu othawa mabwana awo.

"Anakutumani ndani?"

"Palibe."

"Dziko lino limakupatsani malipiro onse osadula kanthu. Kwanu amatero?"

"Satero."

"Ndiye vuto lanu n'chiyani, Dokotala?"

Ndinayamba kumufotokozera ngati ndili m'kalasi, kuti chimene munthu mmodzi salipira amalipira ndi wina. Anandilola ndilankhule mpaka kumapeto, n'kuitanitsa tiyi wake. Ine sanandiitanitsire.

Tsiku lachisanu anayala mapepala aja patebulo. Anabwera ndi womasulira, bambo wachikulire wa ku Chipata wovala yunifolomu ya kampani yonyamula katundu. Bamboyo sanafune kundiyang'ana kumaso. Wondifunsa atatembenukira ku foni yake, womasulirayo anandinong'oneza mofulumira.

"Amai, ine banitenga chabe ku nchito kuti nimasulile. Musanione monga nili nabo."

Wondifunsa analoza pepala limodzi.

"Naphiri uyu ndani? Amakhala kuti?"

Womasulira anakanda kumutu.

"Bwana, limeneli si dzina la mu pasipoti. Kwathu mukaitana Naphiri m'basi, theka la basi limatembenuka."

"Nanga uyu?"

"Uyu akuti ndi mayi wake wa Chisomo. A Chisomo aliponso ambirimbiri, bwana."

Anamutulutsa. Kwa ine anati mayina enieni ndikuwadziwa, ndipo ndiwatchula. Tsiku lachisanu ndi chiwiri mpando wanga anauchotsa, ndipo anaubweza tsiku lachisanu ndi chinayi. Miyendo inatupa moti nsapato sindinavalenso ngakhale tsiku lotuluka. Za masiku amenewo ndalemba zokwanira.

Anthu kuno kwathu amandiyamikira kuti ndinalimba mtima, sindinapereke mnzanga aliyense. Ndimawauza zoona ngakhale safuna kumva. Sindinatchule mayinawo chifukwa sindinkawadziwa. Kachipinda kopempherera ndinakafotokoza tsiku lachisanu ndi chitatu, koma anakapeza mulibe munthu, pakuti amayi aja anasamuka tsiku lomwe anamva kuti ndatengedwa. Anadziteteza okha, ndipo anadziteteza kwa ine.

Pepala la pamwamba lija sanandifunse n'komwe. Analinyamula ndi zala ziwiri n'kundionetsa.

"Apa ndiye mwatithandiza. Shukran, Dokotala. Ntchito yanu ndi yaudongo."

Zikomo wa Chiarabu ameneyo amandiwawa kuposa miyendo.

Tsiku lakhumi ndi chisanu anandisamutsira kumalo osungira akazi oyembekeza kubwezedwa kwawo. Chinali chiholo chachikulu cha mabedi achitsulo, muli akazi a ku Ethiopia, ku Uganda, ku Philippines, ena ndi makanda. Mandala anandibwezera. Masana a tsiku lomwelo ndili pamzere wa mpunga ndinamva munthu akung'ung'udza nyimbo ya ku tchalitchi kwathu. Mawuwo ndinawadziwa ndisanatembenuke. Ndinalakalaka pansi patang'ambika.

Achemwali anali atakhala pabedi la pansi, akupinda bulangete. Anandiona, nyimbo inaleka.

"Aphunzitsi. Nanunso muli muno?"

"Ndili muno, Achemwali. Anakupezani bwanji?"

"Anandiimbira foni. Mawu a mzimayi, ati madamu akufuna wochapa, ndalama yabwino. Ndinasamba, ndinavala, ndinakwera basi ndekha. Ndinadzipereka ndi miyendo yangayi." Anasalaza bulangete lija ndi dzanja lopsa. "Anandionetsa pepala lanu. Munati ndi londiteteza."

Ndinagwada pasimenti, mayi wa madigiri atatu, n'kupepesa. Akazi a mayiko ena anasiya kudya kumationerera.

"Dzukani, mukundichititsa manyazi," anatero. "Pepani sapoletsa chilonda. Mwana wanga amuchotsa m'kalasi, mayeso alemba anzake. Mwadya?"

Ndinali ndisanadye. Anandigawira mpunga wawo, ndipo sanandilankhulenso mpaka mawa lake.

Masiku asanu ndi atatu amene ndinakhala m'holomo ndinaona phunziro langa lonse likuyenda ndi miyendo. Amene anali ndi womulankhulira kunja ankatuluka msanga. Amene analibe ankakhala. Ine anzanga a m'mayunivesite a kunja analemba makalata, ndipo pasipoti yanga inali pomwepo mu envelopu. Ya Achemwali inali ikadali m'kabati ya madamu uja, amene palibe anamuitana kudzayankha funso ngakhale limodzi, la simbi kapena la pasipoti. Wopsa ndiye anali m'ndende, wowotcha ali kunyumba akuyang'ana wantchito wina. 

Lachitatu la sabata yoyamba ya Malichi anandiitana ndi katundu wanga. Achemwali anandiperekeza mpaka pachitseko chachitsulo.

"Mukafika mumuimbire mwana wanga. Mumuuze kuti ndili bwino. Zina zonse ndikamuuza ndekha."

Mu ofesi anandijambula maso ndi makina kuti ndisadzalowenso m'dzikomo. Kenako anandiikira pepala la Chiarabu, masamba awiri. Ndinapempha kuti andimasulire. Msilikali wamkazi uja anaseka.

"Ukufuna ndege kapena ukufuna sukulu? Sayina, khalas."

Mwamuna wa patebulo analoza mzere ndi cholembera.

"Dzina monga lili mu pasipoti," anatero.

Ndinalemba. Sindikudziwa chimene ndinavomera. Pepalalo liyenera kuti lili m'fayilo ina, losayinidwa bwino, umboni wakuti sindinakakamizidwe.

Ndinatsika ndege ku Lilongwe nditavala masilipasi. Achibale analira, anaimba, anati ndamasulidwa. Ine ufuluwo sunandikome. Ndinkadzuka nthawi imene ndafuna, kutsegula windo, kuzimitsa getsi ndi dzanja langa, koma chilichonse chinkandikumbutsa kuti ndatuluka chifukwa ndine wa makalata. Ufulu umene umagawidwa motero ndi wofanana ndi msonkho umene ndakhala ndikuudzudzula moyo wanga wonse, ndipo ulendo uno wopindula ndinali ine. Achemwali anakhala m'holo muja miyezi ina itatu.

Ndinabwerera kukaphunzitsa kuno kwathu. Fizi ya mwana uja ndikulipira ine, ndipo amene amati ndi chifundo ndimawakalipira. Chaka chimene anataya sindingachibweze. Lamulo la pepala lovomereza ndimaliphunzitsabe, koma ndimayamba ndi funso lakuti pepalalo likagwera m'manja mwa wina, adzamangidwa ndani, wofunsa kapena woyankha. Ophunzira amalemba funsolo m'makope mwawo mwaudongo, ndipo ndimaona kuti sakulimva, monga inenso sindinkalimva.

Mu Ogasiti ndinapita ku Ntcheu. Ndinawapeza Achemwali akuyanika nyemba pamkeka, ataonda kwambiri. Tinapatsana moni wautali, wa ana ndi wa mvula. Kenako ndinawauza kuti ndikufuna kulemba zimene zinatichitikira, ndipo sindilemba ngati iwo sakufuna.

Anapitiriza kusalaza nyemba.

"Lembani. Za simbi musasiye." Anayang'ana chikwama changa. "Pepala losayina mwabweretsa?"

"Ayi, Achemwali."

"Nanga dzina langa?"

"Silikhalamo."

"Mukanatero poyamba paja," anatero, n'kundisunthira mpando kuti ndikhale.